Dimba la munthu wa lendi: masamba a m'matumba, m'zigubu ndi pa kabedi ka kuseri

Ndiyambe ndi kuulula kaye, dimba langa loyamba linafa lonse osatsala ngakhale tsamba limodzi. Munali mu Disembala 2023, kwacha itangogwa kumene ndi 44 peresenti mu Novembala muja, ndiye kumsika kampukutu ka repu kanali kataonda mpaka masamba ake kumawerengeka, tomato naye pa mulu anali atachepa ndipo ukati udandaule mayi ogulitsa amangokuuza kuti pitani nokha ku Lizulu mukaone mmene tikupikulira. Ndinapsa mtima ndithu nkumati aaa, ine mwana wokulira kumudzi ndizivutika ndi masamba? Ndinatola matumba 4 a feteleza, kukumba dothi kuseri kwa nyumba ya lendi ku Area 25, kuthiramo, kugula mbande za mpiru, kuokera, basi nkukhala pansi kumadikira ndiwo.

Patatha masabata awiri mpiru uja unali wachikasu, osakula, madzi a mvula akungoima pamwamba ngati pa simenti ndipo dzuwa likawala masiku awiri dothi lija limauma gwa. Gogo wina wa nyumba yoyandikana nafe, kwawo ndi ku Ntcheu, anasuzumira pa mpanda, kugogoda thumba limodzi ndi ndodo yawo nkundifunsa kuti "aneba, apa mukulima ndiwo kapena mukuumba zidina?" Zinandiwawa koma ananena zoona. Ndinali nditathira katondo yekhayekha, opanda manyowa, opanda mchenga, ndipo pansi pa matumba sindinaboole. Ndiye ngati mukufuna kuyamba, dziwani kuti mbewu si vuto kwenikweni, paketi ya mbewu imapezeka paliponse, zimene zimapha dimba la pakhomo ndi dothi ndi kathiridwe ka madzi, zinazi ndi zongothandizira.

Musanagule kalikonse yendani kaye pakhomo panu muone dzuwa. Masamba ambiri amafuna dzuwa la maola 6 pa tsiku, tomato, tsabola ndi therere lobala ndiye zimafuna loposa apo. Malo amene ambirife timathamangira ndi pansi pa mtengo wa mango poti pali kamthunzi, kumeneko ndi kulakwitsa, mbewu zimangotalika zoonda ngati zikuthawa china chake ndipo mizu ya mangoyo imamwa madzi onse amene mukuthira. Malo abwino ndi amene pamafika dzuwa la m'mawa mpaka cha m'ma 1 kapena 2 koloko. Onaninso pamene pamagwera madzi a padenga, mvula ya Januwale ikamatsika pa malata imakumba mbande zonse usiku umodzi. Komanso pakhale pafupi ndi mpopi, izi musazipeputse, dimba lakutali ndi madzi ulesi umaligwira sabata yachitatu.

Zodzalamo musagule, mwina muli nazo kale. Matumba a feteleza kapena a ufa, zigubu za mafuta ophikira za malita 20 zodula kukamwa, ndowa yobooka, beseni losweka, mabotolo a malita 5 odula chogoneka, ngakhale matayala. Koma chilichonse chimene munakhalamo mankhwala ophera tizilombo, penti kapena oyilo wa galimoto chisiyeni, zimenezo si zodzalamo chakudya olo mutatsuka bwanji. Chachikulu ndi kuboola pansi, tenthetsani msomali pa mbaula muboole mabowo 8 kapena 10, ena m'mbali cha mmunsi, kenako muike chigubucho pa njerwa ziwiri kuti madzi azituluka bwino komanso chiswe chisakwere mosavuta. Kuya kwake kumatengera mbewu. Bonongwe, letesi, anyezi ndi mpiru zimakhutira ndi masentimita 15 mpaka 20, ndiye beseni likwana. Karoti amafuna 30. Tomato, biringanya ndi girinipepa ndi chigubu cha malita 20 mtengo umodzi basi, ndikuti umodzi, ndikudziwa mtima umafuna kuikamo itatu koma mudzakolola masamba a tomato osati tomato.

Tsopano dothi, apa ndipamene ndichedwepo. M'munda mizu ikasowa chakudya imapita kukafuna patsogolo, koma m'chigubu mbewu ili pa lendi ngati ife tomwe, imadya zokhazo zimene mwaiikira. Ine ndimasakaniza ndowa 2 za dothi lapamwamba, ndowa 1 ya manyowa owolerana ndi ndowa 1 ya mchenga wa kumtsinje. Ngati dothi lanu ndi lamchenga kale, mchengawo chepetsani kapena usiyeni. Ngati ndi makande a kudambo aja omata, onjezerani mchenga ndi manyowa. Dothi lapamwamba ndikutanthauza lakuda lija la pansi pa mitengo pamene masamba amawolerana, kapena la padzala lakale, koma la padzala muyambe mwalisefa chifukwa mumakhala magalasi ndi majumbo, ndipo dzala limene mumatayidwa mabatire ndi mapampasi ine sindilikhudza nkomwe. Poyesa, nyowetsani pang'ono, fumbatani mdzanja nkutambasula. Likaumbika koma nkumwazika mukaligunda ndi chala ndiye lili bho. Likakhala chibuma chonyezimira ndiye zidina za gogo zija, likangoyoyoka osaumbika nkomwe ndiye mchenga wachuluka, madzi azingodutsa.

Manyowa akhale owolerana, mawu amenewa ndiwabwereza mpaka mutope nawo. Zitosi za nkhuku zaziwisi, makamaka za mabroila zosakanikirana ndi utuchi, zimawotcha mizu ndipo mbande imafota ngati mwaithira madzi otentha. Ziunjikeni pamthunzi, muzinyowetse, muvindikire ndi matumba, muzitembenuza pakapita masabata awiri aliwonse, pakatha miyezi iwiri kapena itatu zikada nkusiya kununkha ndiye zapsa. Za mbuzi ndi ndowe za ng'ombe chimodzimodzi ngakhale izo sizowotcha kwambiri, vuto lake zimabwera ndi njere za udzu. Ngati mulibe koti mupeze zimenezi pangani kompositi wanu, kadzenje kakang'ono kuseri, muzitayamo makoko a nthochi, a mbatata, zotsalira posadzula masamba, zikhokhombe za mazira, masamba a mitengo osesa pabwalo aja amene timangowotcha, kuwaza kaphulusa ndi kadothi pamwamba. Nsima yotsala, mafupa ndi za mafuta musaikemo, mungoitana makoswe ndi agalu a eni.

Pali njira ina ya thumba loimika imene imathandiza amene malo ndi ochepetsetsa. Mumatenga thumba la makilogalamu 50, kupinda kukamwa kwake, kuika chitini chobooka mbali zonse ziwiri pakati, mchitinimo kuthira timiyala, m'mbali mwake kuthira dothi losakaniza lija, kenako kukoka chitini mmwamba nkubwerezanso mpaka thumba kudzaza, ndiye pakati pamatsala mzati wa miyala umene umatsitsa madzi mpaka pansi. Mukatero mumacheka timabowo m'mbali motalikana masentimita 20, mosemphanitsa osati pamzere umodzi wotsika, nkulowetsamo mbande, zina 4 kapena 5 pamwamba. Thumba limodzi limatha kunyamula mbande 15 kapena kuposa. Repu, mpiru ndi sipinachi zimachita bwino mmenemu. Koma ndinene chilungamo, pazithunzi za pa Facebook zimaoneka zokongola kuposa mmene zimakhalira, mbali imene siliona dzuwa imatsalira ndiye mumayenera kumalitembenuza, komanso thumba likapsa ndi dzuwa la chilimwe limayamba kung'ambika lokha, sizoni imodzi kapena ziwiri latha. Ine masiku ano ndimakonda kuligoneka thumba, kucheka mabowo 6 pamwamba, kuboola pansi, basi.

Amene muli ndi kamalo ndipo alandilodi avomera, bedi ndiye zenizeni chifukwa silifuna madzi pafupipafupi ngati chigubu. Mulifupi musapitirire mita imodzi kuti muzifika pakati ndi dzanja osapondamo, mulitali mmene malo akulolerani, pakati pa mabedi kanjira ka masentimita 50. Tipulani mozama masentimita 30, phwanyani zibuma, chotsani miyala ndi zidutswa za njerwa zimene amisiri anakwirira pomanga, mudzadabwa kuchuluka kwake, kenako ndowa imodzi ya manyowa pa mita iliyonse nkusakaniza bwinobwino. Nthawi ya dzinja bedi likhale lokwera masentimita 15 mpaka 20 kuti madzi asadikhe, nthawi ya chilimwe likhale lolowa pansi ngati beseni kuti madzi amene mwathira asathawe. Ngati malo ndi otsetsereka, ngati mmene kulili ku Ndirande, Chilobwe kapena Bangwe, bedi lipingase chitunda osati kutsetsereka nacho. Ndipo alandilodi muwauze musanakumbe, muwapatseko kampukutu koyamba, zimafewetsa nkhani zambiri.

Zoti mudzale, langizo langa ndi loti yambani ndi masamba, tomato abwere pambuyo mukazolowera. Ndipo muziyang'ana nyengo. Mpiru, repu, tchainizi, kabichi, letesi ndi karoti zimakonda kozizira, kuyambira Epulo mpaka Ogasiti zimakula mosavuta. Mukadzala mpiru kapena tchainizi mu Okutobala zimathamangira kuchita maluwa masamba asanakule ndipo mpiru umawawa kwambiri. Nthawi yotentha ndi ya dzinja ndi ya ndiwo zathu zomwe, bonongwe, nkhwani, chisoso, luni, kholowa, chitambe, khwanya, denje, therere lobala. Izi tizilombo sitizivutitsa kwambiri, zambiri mwa izo mbewu yake simugula, ndipo ku sikelo akamanena za magulu 6 a zakudya masamba obiriwira kwambiri ngati bonongwe ndi amene amawatchula pa nkhani ya magazi ndi vitamini A. Zimandiseketsa kuti timalimbana ndi letesi amene mnyumba amadya munthu mmodzi pomwe bonongwe akumera yekha pa dzala nkumamuzula ngati udzu. Kholowa ndiye wa alesi enieni, kadulidwe ka mphukira ya mbatata ya masentimita 30 kuzika m'thumba, masabata angapo mwayamba kuthyola. Nkhwani dzalani njere 2 kapena 3 m'chigubu pafupi ndi mpanda uziyanga wokha. Anyezi amafesedwa cha mu Febuluwale mpaka Epulo ndipo amatenga miyezi 5 kapena kuposa, ndiye pakhomo pang'ono ine ndimangodzala wa masamba, kapena matako a anyezi wogula aja kuwazika m'beseni nkumadula masamba ake.

Pogula mbewu pitani ku shopu ya zaulimi, onani deti yothera pa paketi, ndipo paketi imene yakhala padzuwa pa benchi mpaka kufwifwa isiyeni. Maina amene mungakumane nawo ndi monga Tengeru, Tanya, Rodade ndi Moneymaker pa tomato, Red Creole ndi Texas Grano pa anyezi, Nantes pa karoti, Clemson Spineless pa therere, Fordhook Giant pa sipinachi. Paketi ikalembedwa F1 ndiye kuti ndi haibulidi, imabereka bwino koma njere zake musasunge chifukwa ana ake satengera kholo. Zamakolozi ndiye sungani, siyani bonongwe mmodzi kapena mpiru umodzi wonenepa ukhwime, dulani ngala, umitsani pamthunzi, pukusani, sungani m'botolo louma ndi kaphulusa pang'ono.

Nazale si nkhani yaikulu, beseni limodzi lakwana kapena thireyi ya mazira. Dothi likhale losefa, lembani timizere ndi chala motalikana masentimita 10, kuya kwake kosaposa chikhadabo, wazani mbewu mopatuka, kwirirani pang'ono, phimbani ndi udzu wouma wopanda njere nkuthirira pamwamba pa udzupo. Pakatha masiku 4 mpaka 7 zimayamba kumera, udzu uja muuchotse tsiku lomwelo, mukachedwa mbande zimakhala zazitali zoyera zopanda mphamvu. Cholakwika cha ambiri ndi kukhuthula paketi yonse nthawi imodzi, mbande zimathinana, chinyezi chimachuluka nkuyamba kuola pa tsinde ndi kugwa. Komanso mukafesa zonse limodzi zidzakhwimanso limodzi, sabata imodzi mukugawira mpingo wonse, mwezi wotsatira mwabwerera kumsika. Fesani pang'ono, kambewu kotsina ndi zala ziwiri, pakapita masabata atatu aliwonse. Ichi chokha ndi chimene chinasintha dimba langa kuchoka pa zoseweretsa kufika poti mnyumba timadalira.

Karoti, therere lobala, nkhwani, nyemba ndi bonongwe sizifuna nazale, mumadzala pomwepo. Njere za karoti ndi bonongwe ndi zazing'ono kwambiri ndiye sakanizani ndi mchenga wouma kuti zimwazike bwino, zikamera mupatulire, karoti atalikane masentimita 5, ndipo karoti musamuikire manyowa aawisi amachita mphanda ngati miyendo. Bonongwe wopatulirayo ndi ndiwo kale, musataye.

Kuokera ndi pamene mbande ili ndi masamba enieni 4, kwa mpiru, repu ndi tchainizi ndi masabata atatu kapena anayi, tomato anayi kapena asanu, anyezi 6 mpaka 8. Kutatsala sabata chepetsani madzi ku nazale kuti zikhwime, koma tsiku lookeralo thirirani kwambiri kuti zizuke ndi dothi lake, zulani ndi supuni osati kukoka. Okerani madzulo dzuwa litapepa kapena tsiku la mitambo, a ku Blantyre chiperoni chikabwera ndiye mwayi wanu. Mpiru ndi tchainizi masentimita 30 kuchoka pa inzake, repu 30 mpaka 40, kabichi 50, tomato 60, anyezi 10. Tsinderani dothi ndi zala, thirirani, ndipo ngati kukutentha zikani katsamba ka mango pambali kuti kachite mthunzi masiku atatu oyamba. Mawa lake zidzaoneka zofota ngati zafa, musazule, zimadzuka.

Madzi tsopano, poti ambirife ndi a mita ndipo bilu simasewera. Chigubu ndi thumba zimauma msanga kuposa bedi, mu Seputembala ndi Okutobala ndi tsiku lililonse, nthawi zina kawiri, pomwe mu Juni mutha kudumphitsa tsiku. Osangothirira poti nthawi yakwana, pisani chala m'dothi mpaka pa mfundo yachiwiri, mukamva chinyezi siyani. Mbewu zambiri za m'zigubu zimafa ndi chikondi, madzi ochuluka mizu nkuola, mwini wake akuona masamba achikasu nkumaonjezeranso madzi. Mukathirira thirirani zenizeni mpaka madzi ayambe kudontha pansi, osati kungowaza pamwamba ngati mukuletsa fumbi. Nthawi yabwino ndi m'mawa kwambiri kapena madzulo, ndipo thirani pa dothi osati pa masamba makamaka tomato. Ngati mulibe kheni boolani chitini kapena chivindikiro cha botolo la malita 5.

Chimene chimapulumutsa bilu ndi kuphimbira. Udzu wouma, masamba ouma, makoko a mtedza, mapesi oduladula, yalani pamwamba pa dothi mokhuthala ngati zala zitatu koma osagunda tsinde, madzi amakhalitsa ndipo udzu sumera. Kuli chiswe chambiri muziyang'anira, kuwaza phulusa kumathandizako. Madzi otsukira mpunga, otsukira masamba, otsukuluzira mbale ndi zovala komaliza ine ndimasunga mu ndowa nkuthirira, koma a Jik, a sopo wambiri wa ufa, a mafuta ndi ochapira matewera ayi. Madzi osunga mu ndowawo athireni pa dothi basi, ndipo letesi kapena chilichonse chodya chachiwisi chipatseni madzi abwino, kolera ya 2022 mpaka 2023 ija tonse tikuikumbuka. Madzi a mu ngalande za mtauni ndiye musayerekeze. Mukamachoka masiku awiri atatu, kumaliro kapena kuukwati, tengani botolo la malita 2, boolani timabowo tiwiri pa chivindikiro, dzazani madzi nkulizika chozondotsa pafupi ndi tsinde, limadontha pang'onopang'ono. Kudalira ana kuti azithirira ndinasiya, amathirira tsiku lomwe mukubweralo dothi nkumaoneka lonyowa mbewu zitafa kale.

Chakudya cha m'chigubu chimatha msanga chifukwa madzi amatsuka, ndiye pakapita masabata awiri aliwonse muzionjezera. Njira yotchipa ndi manyowa amadzi, ikani zitosi kapena ndowe m'kathumba, mangani, viikani mu ndowa yaikulu ya madzi, vindikirani, muzitakasa, pakatha masabata awiri sungunulani ndi madzi ena mpaka mtundu ukhale ngati tiyi wopepuka nkuthira pa dothi. Fungo lake ndiye konzekerani kukangana ndi aneba, ikani kutali ndi mawindo. Masamba a deliya, maluwa achikasu a m'mbali mwa msewu aja, nawonso mukawaviika chimodzimodzi amagwira ntchito. Amene muli ndi kafeteleza, CAN kapena Urea kachivindikiro ka botolo la Fanta kamodzi pa chigubu, kukwirira patali ndi tsinde ngati zala zinayi nkuthirira pompo, mukaika pafupi kapena wambiri mbewu imapsa tsiku lomwelo. Ena amachulukitsa feteleza popanga wa Mbeya, makilogalamu 10 a feteleza, 10 a zitosi, 10 a phulusa, madeya pafupifupi 20 ndi madzi malita 5, kusakaniza, kumanga m'thumba la pulasitiki mkati osalowa mpweya masiku 21. Pa dimba laling'ono mutha kungochepetsa miyezoyo mofanana.

Kuthyola nakonso kuli ndi nzeru yake. Repu ndi mpiru mumayamba patatha masabata atatu kapena anayi chiokereni, thyolani masamba akunsi awiri kapena atatu pa mtengo, mtima ndi masamba ena 4 musiye, mukatero repu amakupatsani ndiwo miyezi itatu kapena kuposa. Mlendo kapena mwana musamutume kukathyola osamuonetsa, mlamu wanga anabudula mitima yonse ya repu poti ati ndiye wanthete. Bonongwe mukamubudula nsonga amachita nthambi zambiri. Nkhwani tengani masamba anthete ndi nsonga zina koma osamaliza zonse. Zikachuluka futsani, kuwiritsa pang'ono nkuyanika, mfutso wa chitambe kapena nkhwani mu Okutobala mudzauyamika.

Tomato ndamusiyira dala kumapeto chifukwa ndi amene amaliritsa anthu. Amafuna kamtengo kapena nsungwi ya mita imodzi ndi theka yozika tsiku lookera, kumumanga momasuka ndi kansalu, komanso mitundu yotalika ngati Moneymaker imafuna kuthena, kuchotsa timphukira totuluka pakati pa tsinde ndi tsamba tidakali tating'ono. Masamba akunsi ogunda dothi chotsani. Mukaona tomato akuda kumatako nkuola si matenda opopera ayi, ndi kuthirira kodumphadumpha, lero chilala mawa chigumula, mbewu imalephera kukoka bwino mchere wa kashiamu m'dothi. Nthawi ya mvula chiwawu chimamaliza tomato sabata imodzi, ndi chifukwa chake amadula kumsika miyezi ya dzinja, koma apa ndipamene wa zigubu amawina chifukwa mutha kuzikokera pakhonde pamene dzuwa likufika koma mvula osamenya masamba. Ndiye pali kambozi kaja ka Tuta absoluta, kanachokera ku South America, kamalowa mkati mwa tsamba nkumadya mosiya mawanga oyera ngati pepala, kenako kuboola chipatso. Poti kali mkati, mankhwala ongowaza pamwamba sakapha bwino, pa mitengo 5 kapena 6 ya pakhomo chanzeru ndi kuyendera tsiku lililonse, kuthyola tsamba logwidwa nkulitentha kapena kulikwirira. Osuta fodya asambe m'manja asanagwire tomato, pali matenda a fodya amene amapatsira. Ndipo dothi limene munali tomato musabwerezemo tomato, tsabola, biringanya kapena mbatatesi, ndi banja limodzi matenda ake ndi amodzi, ikanimo nyemba, anyezi kapena mpiru. Mukazula nkupeza mizu ili ndi timfundo totupa ngati mikanda, mmenemo muli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, dothilo likhuthuleni muliyanike padzuwa la Okutobala milungu ingapo kapena lisiyeni ndithu.

Pa masamba mdani wamkulu ndi nsabwe, tizilombo ting'onoting'ono timene timaunjikana kuseri kwa tsamba la repu ndi mpiru nkulipinda, zimachuluka kukayamba kutentha. Muzitembenuza masamba mukamathirira, zikadali zochepa kungozifikisa ndi chala kapena kuzitsuka ndi madzi kwakwana. Zikachuluka sinjani tsabola wa kambuzi wodzaza dzanja ndi adyo mutu umodzi, viikani mu malita awiri a madzi usiku wonse, sefani, sungunuliranimo kachidutswa ka sopo wamtanda kuti zimate, wazani madzulo kuseri kwa masamba, ndipo samalani maso. Masamba a nimu osinja nkuviika usiku amagwiranso, ombwe nayenso amagwira koma ndi uja amaphera nsomba, ndiye musatayire kumtsinje ndipo dikirani masiku angapo musanathyole. Yesani kaye pa mtengo umodzi chifukwa mukakhwimitsa masamba amapsa. Mbozi zobiriwira tolani ndi manja mupatse nkhuku, nkhono ndi anunkhadala chimodzimodzi kutola m'mawa, ngakhale anunkhadala nkhuku zimawakana. Mbande mukaipeza m'mawa yadulidwa pa tsinde ngati ndi lezala, fukulani pomwepo ndi chala mupeza mbozi yotuwa itadzipinda. Mankhwala ogula ophera tizilombo ngati sayipa ndi anzake ine pa masamba a pakhomo sindipopera, chifukwa china chimene ndinayambira kulima ndi kuthawa masamba onunkha mankhwala, koma ngati mwaganiza kutero werengani pa botolo mulingo ndi masiku odikira musanakolole, osati zoyeza ndi maso, ndipo botolo likhale kutali ndi ana.

Koma tizilombo tonse tikaphatikiza sitifika pa nkhuku za aneba. Nkhuku imodzi ya anapiye imamaliza nazale mphindi khumi. Mpanda mangani musanafese osati mutalira kale, wa udzu, bango, mapesi, nsungwi kapena matumba ong'amba nkusoka, ndipo pansi pake musasiye mpata. Zigubu kuziika pa thandala zimathandizanso. Ambiri amatchinga ndi neti ya udzudzu, ngati ndi yakale yong'ambika imene simugonamonso ndi nkhani ina, koma yatsopano yolandira kuchipatala ija nkukatchingira mpiru ana akugona pamtetete, aaa ayi, malungo ndi odula kuposa masamba.

Ife ku Area 25 kuja tinasamukako chaka chathachi, nyumba anaikweza mtengo. Bedi langa la mamita 4 lija, dothi nditalikonza mpaka kuda bii lodzaza nyongolotsi, linatsalira amene analowamo, ndinangozula mbande ndi kutapako matumba awiri a dothi lapamwamba usiku ngati wakuba. Koma zigubu 11 ndi mabeseni atatu zinakwera lole pamodzi ndi mipando. Ngati nanunso tsiku lotere likubwera, siyani kuthirira masiku awiri kuti zipepuke, thyolani masamba akuluakulu onse mudye kapena mugawe, tomato mumumange bwino ku kamtengo kake, zigubu zikwere komaliza ndipo muziphimbe ndi chitenje chifukwa mphepo ya pa lole imawaula masamba kuposa dzuwa. Matumba oimika aja akakhala akale musawanyamule, langa linaphulika m'manja mwa anyamata onyamula katundu pa geti penipeni, tinachita kuwola dothi ndi mbale. Mukafika tsitsani zigubu poyamba, ziikeni pamthunzi, thirirani, mawa lake ndiye muyambe kuyang'ana kumene dzuwa likutulukira pa nyumba yatsopanoyo.